Kadontho ka m'mutu mwa mng'ono wanga

Mng'ono wanga anagwa koyamba ali pagombe, akusoka ukonde. Anauma thupi, maso anatembenuka, thovu n'kutuluka kukamwa. Anali ndi zaka 27, ndipo kwathu kunalibe amene anadwalapo khunyu. Atagwa kachitatu, anzake anakana kukwera naye bwato. Sindiwadzudzula, pakuti munthu wogwa pakati pa nyanja akhoza kumira pamodzi ndi womugwira.

Ambiri anati ndi majini. A Shehe anabwera, anamuwerengera dua, ndipo potuluka anauza bambo kuti apite naye kuchipatala. Pachipatala cha boma anamupatsa mankhwala oletsa kugwa, koma dokotala anati munthu woyamba kugwa atakula ayenera kujambulidwa m'mutu. Tinagulitsa mbuzi ziwiri, tinakwera minibasi ya ku Blantyre, ine, iye ndi bambo.

Makina a CT ali ngati mphete yaikulu. Wodwala amagona pakabedi kamene kamalowa pakati, ndipo kuwala kwa X-ray kumazungulira mutu, kompyuta n'kuonetsa ubongo m'magawo opyapyala, monga mkate wodulidwa. Ntchito yonse inatha tisanamalize kunong'oneza Fatiha kachiwiri panja. Pachithunzi panali kabwalo kakuda kochepera njere ya nyemba, mkati mwake muli kadontho koyera, ndi timadontho tina tiwiri towala ngati timiyala.

Dokotala anati kabwaloko ndi kathumba ka mphutsi yamoyo, kadonthoko ndi mutu wake, ndipo timiyalato ndi mphutsi zimene zinafa kale n'kuuma. Kenaka anatchula gwero lake: nyongolotsi ya m'nyama ya nkhumba.

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe, wadya chiyani kumene umayendako?" Mng'ono wanga anati, "Wallahi, bambo, sindinalaweko." Anazolika mutu ngati wolakwa. Ine ndemwe, ndivomere, ndinakumbukira miyezi imene ankagulitsa usipa wouma kumisika ya kumtunda, ndipo mtima unamukayikira.

Dokotala uja anaona nkhope zathu, anakoka mpando. Zimene ananena ndikuzilemba pano chifukwa nyumba zathu zambiri sizizidziwa. Nyongolotsiyi, Taenia solium, ili ndi njira ziwiri. Wodya nkhumba yosapsa bwino amatenga nyongolotsi yaitali m'matumbo, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo sawoneka ndi maso. Akafika m'madzi, pamasamba, kapena pazala za wophika amene sanasambe ndi sopo, aliyense akhoza kuwameza. Akamezedwa amaswa, mphutsi n'kuyenda ndi magazi kukakhala m'minofu, m'maso kapena mu ubongo, nthawi zina zaka zingapo osadziwika. Choncho matenda a mu ubongowa sachokera m'mbale ya nyama. Amachokera kwa munthu mnzako. Bungwe la WHO limati m'madera amene nyongolotsiyi yafala, pafupifupi 30 mwa anthu 100 odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Mu 1992 madokotala ku New York analemba za matenda omwewa m'mabanja a Ayuda osunga chilamulo, amene ngati ife sakhudza nkhumba.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, osayankha.

Chithunzi chija ndicho chinasankha mankhwala. Mphutsi yamoyo imaphedwa ndi albendazole, koma ikamafa ubongo umatupa mozungulira, motero amapereka pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa. Zimene zinauma kale siziphedwanso. Chotsala n'kuletsa kugwa kokha. Popanda kuona mkati, dokotala sakanadziwa kuti akulimbana ndi ziti. Anatiuzanso kuti makina a MRI, amene amagwira ntchito ndi maginito m'malo mwa X-ray, amaonetsa bwino timatumba tamoyo, pamene CT imaposa pa touma. Ife CT inatikwanira.

Ndimaganizabe za mabanja amene alibe mbuzi zogulitsa. Kwa iwo mwana amangotchedwa wakugwa, mbale yake n'kuikidwa padera, ngakhale khunyu silipatsirana. Ndimaganizanso kuti dokotala akanakhala wofulumira tsiku lija, tikanabwerera ndi mankhwala oyenera koma ndi mlandu wabodza pamutu pa mwana wosalakwa.

Pobwerera, minibasi itadutsa Liwonde, bambo anatulutsa nthochi m'thumba, anasenda imodzi n'kupatsa mng'ono wanga. Anati, "Undikhululukire, mwana wanga." Sindinawamvepo akunena mawu amenewo kwa mmodzi wa ife.

Tsopano papita miyezi isanu ndi inayi asanagwenso. Dokotala sanamulolebe kubwerera panyanja, ndiye amayanika nsomba pathandala ndi kuwerengera ndalama anzake akale. Pafupi ndi mtsuko wa madzi a wudhu mayi anaikapo sopo, womangirira ndi chingwe kuti akhwangwala asamutenge.