Manja amaphunzirira pa makompyuta akufa

Achinyamata amabwera pashopu panga ku Limbe atanyamula satifiketi, n'kundifunsa poyambira kuti nawonso atsegule pawo pokonzera makompyuta. Ndimawauza kuti apeze mmisiri amene ali kale pantchitoyi, akakhale naye, ngakhale azingolandira ya minibasi ndi ya chipisi masana. Maphunziro a m'makoleji a TEVETA ndi abwino, sindiwanyoza. Kungoti kompyuta ya m'kalasi imakhala yamoyo, pomwe ya kasitomala imabwera ndi fumbi, mphemvu, ndiponso nkhani imene mwiniwake sakuinena yonse.

Madala amene anandiphunzitsa ntchito anali ndi katoni ya malaputopu akufa pansi pa tebulo. Ntchito yanga yoyamba inali kuwamasula ndi kuwamanganso, osatsala sikuluu ngakhale imodzi. Pamenepo m'pamene zala zinadziwira kuti masikuluu a laputopu imodzi si ofanana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi imatha kuboola bolodi. Kachingwe kopyapyala ka kiyibodi sukakoka ayi. Umayamba watukula kachotsekera kake ndi chikhadabo, kenako kamatuluka kokha. Buku likhoza kukuuza zimenezi, koma mphamvu yoyenera kukanikizira pulasitiki yakale kuti itseguke osathyoka imadziwika ndi dzanja basi.

"Mphwanga, usanagwire chomasulira, funsa kaye," ankatero madalawo. Inazima liti? Inagwa? Magetsi anali atangobwera kumene? Mwana anaithira tiyi? Kasitomala amangoti "yafa", koma kufa kwake n'kosiyanasiyana. Ndinaphunzira kuyambira pa zotchipa. Choyamba ndi chaja: uike multimeter, uone ngati ikutulutsa mavoti 19.5 pa HP ndi Dell zambiri, kapena 20 pa Lenovo. Kuno magetsi akathima n'kubwereranso mwamphamvu, chaja ndi imene imayamba kupsa, makamaka zija zopepuka ngati chitsononkho zimene anthu amagula poona kutsika mtengo. Chaja ikakhala bwino, uone polowetsera pake, uchotse batire, uzule RAM, uipukute mano ake ndi labala ya pensulo, uibwezere. Makina ambiri amadzuka pomwepo. Kompyuta ina imayaka bwinobwino koma intaneti ikukana masamba, ndipo ukayang'ana tsiku pakona upeza labwerera zaka zambiri m'mbuyo. Vuto limakhala kabatire kozungulira ka CR2032, ka mavoti 3, katha mphamvu.

Mwezi wa October ukafika ndi kutentha kwake, pamabwera makina ozima okha pakati pa ntchito. Ukatsegula upeza fumbi lagwirana kuseri kwa fani mpaka mpweya sukudutsa, ndipo phala loziziritsa purosesa lauma gwa. Kuyeretsa ndi kupaka latsopano si ntchito yaikulu, koma wosazolowera amathamangira kuuza munthu kuti bolodi yapsa.

Chimene chimandipweteka mtima pantchito yathuyi ndi chizolowezi chongofomata. Kompyuta ikuchedwa, fomata. Yalowa vayirasi ya m'mafulashi yobisa mafayilo, fomata. Wophunzira wa ku MUBAS akabwera ndi laputopu, chimene akulirira kwenikweni ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza amene ali m'katimo, ndipo kawirikawiri alibe kwina kumene anamusunga. Mayi wa golosale ali ndi mndandanda wa angongole ake mmenemo. Choncho ndisanakhudze Windows ndimakopera kaye zonse pa hadi disiki ina, mwiniwake akuona, ndipo ndimamufunsa kuti, "Mayi, palinso china chimene sindinatenge?" Zithunzi ndi makalata a anthu sinditsegula, ndipo wophunzira ntchito amene ndingamupeze akusuzumira m'mafoda a kasitomala sabweranso mawa lake. Nthawi zambiri kuchedwa kwa kompyuta kuja mankhwala ake ndi kuchotsa hadi disiki yakale n'kuika SSD, ndi kuwonjezera RAM. Masiku ano pawonjezeka nkhani ina: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025, ndipo malaputopu ambiri akaunjika amene ali m'manja mwa anthu alibe TPM 2.0 imene Windows 11 imafuna. Munthu ayenera kuuzidwa zoona zake asanawononge ndalama.

Nditayamba pandekha, makasitomala anga oyamba anali a kutchalitchi, aphunzitsi a pasukulu ya pafupi ndi kwathu, ndi mnyamata wina wosindikiza makalata ndi kupanga fotokope. Ndinkagwirira patebulo la pabalaza. Zida ndinagula chimodzichimodzi, ndipo makina amene eni ake anawataya ndinkawapempha kuti ndizichotsamo sikirini, mahinji ndi mafani. Ntchito yosinthira tizipangizo ting'onoting'ono pa bolodi ndinkaitumiza kwa mnzanga wokhala ndi makina a mpweya wotentha, ndipo kasitomala ndinkamuuza poyera kuti ikakonzedwera kwina.

Masukulu ndi mabungwe atayamba kufunsa koteshoni ndi risiti, ndinakalembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, ndinatenga TPIN ku MRA ndi laisensi kukhonsolo. Ndinagulanso buku lalikulu lachikuto cholimba. Kompyuta iliyonse yolowa imalembedwamo nambala yolembedwa pansi pake, vuto limene mwiniwake wanena, ngati yabwera ndi chaja kapena chikwama, ndi mng'alu uliwonse umene ulipo kale pa sikirini. Mtengo timagwirizana ndikapeza vuto, ndisanayambe kukonza, ndipo mwiniwake amasayina asanachoke.