Ulendo wa sukulu wopita ku Kulamba

Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kwa ife a ku Mualadzi, kuno ku Chifunde, si kutali: kungodutsa malire pa Cassacatiza, kulowa Chanida, basi Katete uyo. Ndiye bwanji ana athu a sekondale amapita paokha, atapachikana kumbuyo kwa malole ndi anthu oledzera, pamene sukulu ikanatha kukonza ulendowu mwadongosolo?

Malamulo ake savuta. Kholo lisaine kalata yololeza, mwana akhale ndi zikalata zodutsira pamalire, atsikana akhale ndi mphunzitsi wamkazi, dzuwa lisanalowe onse akhale atakwera galimoto. Wojomba m'kalasi kapena wochita mwano atsale, ngati mmene amasiyidwira pa timu ya mpira. Pamenepo ngakhale ovuta aja amafatsa mwezi wathunthu, kkkk.

Gule Wamkulu, amene amavinidwa ku Kulambako, anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma kusukulu timangomutchula mwana akathawa kalasi kupita kudambwe. Aphunzitsi akuluakulu ndi makomiti a makolo ku Chifunde, nkhaniyi muyiike pa msonkhano Ogasiti asanafike.