Achimwene anabwerera ku Joni, ndipo ya basi ndinalipira ndine

Bambo athu anamwalira mu July 2023, nyengo yozizira ija. Usiku womwewo ndinawaimbira achimwene ku Pretoria, iwo n'kunena kuti tisawadikire, tiike maliro, atipeza. Ulendo wa basi kuchokera ku Joni ndi wa masiku awiri: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza. Basi inawatsitsa pa Mdeka pompo tsiku lotsatira titaika kale. Anali atatha zaka 7 osaponda kwathu.

Atafika pasiwa, misozi inkangotsika osaleka. Mphuno zikuchucha, akuyasamula pafupipafupi, tsemwe lili thupi lonse. Azimayi a mpingo ankanong'onezana kuti mwana uyu ankawakonda zedi bambo ake. Ine ndinkaganizanso chimodzimodzi. Koma kutacha anayamba kutsegula m'mimba, kusanza, thukuta lili kamukamu pamene tonsefe tavala majuzi. Tinawatengera kuchipatala, anawayeza malungo, sanawapeze. Madzulo ake azakhali anali atapeza kale yankho lawo: pali wina sakufuna kuti mwanayu akhale pamudzi pano.

Usiku wachitatu ndinadzuka kupita panja, n'kuwapeza atakhala kuseri kwa khola la mbuzi, atadzikulunga bulangete, miyendo ikungogwedezeka.

"Achimwene, bwanji simukugona?"

"Chemwali, khala pansi. Si malungo awa ayi, komanso palibe wandilodza. Koma usawauze amayi."

Anandiuza zonse. Atafika ku Pretoria mu 2016 ankagwira maganyu openta nyumba. Ankagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, ndipo mnzawo wina ndiye anawapatsa ndudu yoyamba ya nyaope. Nyaope ndi heroin wotchipa yemwe amamuwaza mu chamba n'kumasuta. Amati poyamba ankangoti ndi chamba champhamvu basi. Patatha miyezi yochepa thupi linali litazolowera moti akapanda kusuta ankadwala ndendende mmene ndinkawaoneramu. Zaka zomwe anasowa pa WhatsApp, ife n'kumati atiiwala chifukwa cha akazi a ku Joni, n'kuti akugona m'misewu, akutoleza zitsulo zakutha kuti apeze ya kapepala kamodzi.

Mu 2020 munthu wina anawalondolera ku COSUP, pulogalamu yomwe mzinda wa Tshwane ndi yunivesite ya Pretoria anakhazikitsa mu 2016 yothandiza anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Kumeneko dokotala anawayambitsa methadone, mankhwala amadzi omwa kamodzi patsiku. Kuyambira pamenepo sanasutenso nyaope. Uthenga wa maliro utafika, anaopa kudutsa ndi botolo lawo m'malire a mayiko atatu, poti mwina angagwidwe nalo ngati wozembetsa. Anamwa mlingo wa tsikulo, botolo n'kulisiya. Ankaganiza kuti sabata imodzi apirira.

Ndikuuzeni zoona, chifundo sichinabwere msanga. Chinabwera ndi mkwiyo.

"Ndiye mwangosintha botolo basi? Kuchoka pa mankhwala ena kupita pa ena, n'kumati mwachira?"

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndili pa nyaope ndinaba foni ya munthu amene ankandipatsa nsima. Ndili pa methadone ndimadzuka 5 koloko kupita kuntchito. Fizi yako ya chaka chomaliza ija ukuganiza inachokera kuti?"

Ndinasowa choyankha. Ndalama imene ija ndinailandira pa foni, ndinathokoza Mulungu, sindinafunse kalikonse.

Ine sindinaphunzire zaumoyo, ndiye usiku umenewo ndinathera bandulo yonse kuwerenga. Zomwe ndinapeza ndi izi. Heroin, morphine, codeine, tramadol ndi methadone ndi a banja limodzi, amawatcha ma opioid, ndipo onse amakagwira malo amodzimodzi mu ubongo. Kusiyana kwake kuli pa liwiro. Heroin amalowa mwachangu, munthu n'kuledzera, koma pakangotha maola ochepa watha m'thupi, matenda aja n'kuyambanso. N'chifukwa chake wosuta amakhala pa liwiro la kusaka ndalama katatu kapena kanayi patsiku, ndipo palibe ntchito yomwe angaigwire bwino. Methadone amalowa pang'onopang'ono n'kukhala m'thupi tsiku lathunthu kapena kupitirira. Akakhala pa mlingo woyenera munthu saledzera, sadwala, ndipo chibaba chija chimazizira. Amatha kudya, kugona, kugwira ntchito, kukumbukira kuti ali ndi mlongo wake amene akufuna fizi.

Si mankhwala atsopano. Anapangidwa ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ngati opha ululu. M'zaka za m'ma 1960 madokotala awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, anayamba kuwapereka tsiku ndi tsiku kwa anthu a heroin, ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1965. Mu 2005 bungwe la WHO linaika methadone pa mndandanda wa mankhwala ofunikira omwe dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Anzathu a ku Tanzania anatsegula kliniki yawo yoyamba pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, a ku Kenya n'kutsatira mu 2014.

Koma chomwe chinandichotsa tulo ndi kafukufuku wina yemwe anatuluka mu magazini ya madokotala ya BMJ mu 2017. Anapeza kuti mwa anthu 1,000 omwe ali pa methadone, pafupifupi 11 amamwalira pachaka, pamene mwa omwe achoka pa mankhwalawa amamwalira ndi pafupifupi 36. Ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata anayi oyamba munthu atangosiya. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: thupi limayamba kutaya kuzolowera kuja, ndiye munthu akabwerera n'kutenga mlingo womwe ankatenga kale, mpweya umabanika, basi wapita. Ndinawerengera masiku. Achimwene anali pa tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Sindikunena kuti methadone ndi madzi a pamjigo. Naye amapha, munthu akamwa wambiri, akasakaniza ndi kachasu kapena mapiritsi ogonetsa, kapena mwana akapeza botolo n'kumwa. N'chifukwa chake amayambira pa mlingo wochepa, dokotala akuyang'anira, ndipo ofuna kusiya amawatsitsa pang'onopang'ono kwa miyezi. Zomwe achimwene anachita, zongodula kamodzin'kamodzi, ndi zomwe madokotala amaletsa.

Sabata imeneyo ndinayamba kusaka. Ndinakwera minibasi kangapo kudutsa Lirangwe, Lunzu mpaka m'tauni. Ndinafunsa m'mafamase, ndinafunsa m'zipatala zolipira, ndinaimbira mnzanga yemwe ndi namwino. Ena dzinalo ankalimva koyamba. Ena ankalidziwa kuchokera m'mabuku, n'kunena kuti iwo sasunga. Pamalo ena mlongo wa pa kauntala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati wosutayo ndine. Wina wachifundo anatipatsa mankhwala oletsa kutsegula m'mimba ndi opha ululu wamba, n'kunena kuti alimbe mtima, zitha. Kulikonse kumene ndinagogoda ndinabwerako chimanjamanja.

Kumudzi nako zinali zikuphikidwa zina. Amalume anaitanitsa msonkhano wa banja pansi pa mtengo wa bwemba. Anati bambo apita, amayi atsala okha ndi ana a malemu achemwali athu, mwamuna pakhomo ndi ameneyu, asabwererenso. Munda ulipo, mbuzi zilipo, akhoza kumagulitsa kanyenya pamsika. Azakhali anati ayambe wapita kwa mneneri wina wa ku Chileka akamuchotse chomwe amuponyera. Wina n'kutchula za ku Zomba, ku chipatala cha amisala, amayi n'kuyamba kulira. Achimwene anangowerama, akukanda miyendo. Ine ndinali ndi yankho m'kamwa koma ndinalonjeza kuti sindinena.

Tsiku lakhumi anasowa kuyambira m'mawa. Anabwera madzulo nkhope itawala, anadya nsima mitanda itatu, anaseka ndi ana. Amayi anati mapemphero ayankhidwa. Ine mtima unangoti myuu. Ndinakasecha m'thumba la jekete lawo n'kupeza mapaketi a tramadol, ena atatha kale. Mdeka ndi kamsika kakang'ono ka m'mbali mwa M1, koma munthu wodziwa kufunsa sizinamutengere tsiku kuti apeze. Ndinaganiza ndekha kuti mankhwala ochiritsa ndawasowa m'tauni monse, koma owononga apezeka pafupi ndi pomwe timagula tomato.

Patatha masiku awiri anagwa pakhonde, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa, ngati munthu wa khunyu. Tramadol akachuluka amachita zimenezo. Anatsitsimuka patapita mphindi zingapo, lilime atadziluma. Usiku umenewo ndinaphwanya lonjezo.

Amayi anali m'khitchini akukonola chimanga. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kukonola nawo, chifukwa kuwayang'ana m'maso sindikanatha.

"Amayi, achimwene sanalodzedwe. Ali ndi matenda omwe anawatenga ku Joni, ndipo mankhwala ake anawasiya konko."

"Ndi kachilombo?"

"Ayi. Ankasuta zinthu zoipa, thupi linazolowera. Anasiya zaka zitatu zapitazo, koma pali mankhwala omwe amamwa m'mawa uliwonse kuti asabwerere. Zili ngati mapiritsi anu a BP aja. Mukasiya sabata imodzi mumamva bwanji?"

Anasiya kukonola. "Ndiye mankhwala akewo kuno kulibe?"

"Ndafunafuna, sindinawapeze."

"Ndiye mwana wanga akhale mtchona chifukwa cha botolo?"

Funso limenelo mpaka lero limandipweteka. Agogo athu aamuna anatchona ku migodi nthawi ya Wenela chifukwa cha ndalama. Achimwene anapita chifukwa cha ndalamanso, koma tsopano chowamangirira kumeneko chinali china.

Amayi sanayankhule nane tsiku lonse lotsatira. M'mawa mwake anawaitana achimwene kuchipinda. Sindikudziwa zonse zomwe anakambirana, ndinangomva mawu amodzi kudzera pakhoma: "Ndaika kale mmodzi mwezi uno. Pita ukamwe mankhwala ako." Amalume atamva anakwiya, anati ine ndi sukulu yangayo ndasokoneza banja, ndikuthamangitsa mwamuna yekhayo pamudzi. Sindinawatsutse. Mbali ina ankanena zoona. Denga la amayi likudontha mpaka pano, ndipo amene akanalifolera ali ku Pretoria.

Ndalama zomwe achimwene anabwera nazo zinali zitathera pa maliro ndi pa tramadol. Ine ndinali ndikusunga pang'onopang'ono kuti ndigule laputopu. Ndinakatapa zonse n'kugula tikiti. Pa tsiku la 16 chifikireni, ndinawaperekeza ku Blantyre kukakwera basi. Ndinawalanda mapiritsi otsala n'kuwasiyira ochepa oti awafikitse, ndipo sindikudziwa ngati pamenepo ndinachita bwino kapena ndinalakwa. Ndinangoona kuti masiku awiri m'basi ali m'matenda aja sakanafika.

Basi ya ku Joni ikanyamuka mu Blantyre imadzera msewu wathu womwewu, Lunzu, Lirangwe, Mdeka, n'kukakhotera ku Mwanza ikawoloka Shire pa Zalewa. Mdzukulu wa amayi anandiuza kuti tsiku limenelo agogo ake anakaima m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, pafupi ndi ogulitsa malambe, kudikira kuti aione ikudutsa. Siimaima pa Mdeka. Anangokweza dzanja.

Atafika, ku kliniki anawayambitsanso pa mlingo wochepa, poti thupi linali litasintha, ndipo zinatenga masabata angapo kuti akhazikike. Pano akupentabe nyumba. Lamlungu lililonse amaimba pa vidiyo, amayi amawafunsa kaye ngati amwa mankhwala, kenako ndi pomwe amafunsa za ndalama ya feteleza. Dokotala wawo anawauza kuti ulendo wina asadzathawenso chonchija, adzakambirane kaye za makalata ndi mlingo wake. Amati tsiku lina adzayamba kutsitsa pang'onopang'ono, koma sakufulumira, ndipo ine ndinasiya kuwafunsa kuti liti.

Ndalemba izi atandilola okha, bola ndisatchule dzina. Ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi wanu ku Joni, ku Cape Town kapena ku Durban amene anangoti zii, ndipo pamudzi mumangoti anatchona. Ena muli ndi mnzanu wa ku koleji amene amamwa mankhwala a chifuwa a codeine botolo lonse ngati fanta, kapena mnyamata wa kabaza amene sayamba tsiku opanda tramadol. Mukadzamuona akutuluka thukuta kukuzizira, akuyasamula, misozi ikungotsika yokha, musathamangire kwa mneneri musanamufunse yekha pambali. Ndipo akadzakuuzani kuti ali pa methadone, musadzamuyankhe zomwe ndinayankha ine kuseri kwa khola usiku uja.

Mwezi wathawu amayi anandifunsa ngati boma lingabweretse mankhwalawa pa chipatala chathu chaching'onochi, monga linabweretsera ma ARV, omwe kale anthu ankawalondola kutali. Ndinati ku Tanzania zinatheka. Anati ndiye ndilembe kalata, poti sukulu ndinapita ndine. Kalatayo sindinalembe, sindikudziwanso kuti ndingailembere ndani. Ndayamba ndi pano.