Phokoso la Ekizozi ndi Mluzu wa Turbo

Pa zinthu zimene anyamata athu amabwera nazo kuchokera ku Joni, pambali pa ndalama za malata ndi mafoni, pali chikondi cha galimoto yolira. Kumeneko mwambowu ndi wakale. Ku Soweto BMW 325i yakale ija, imene amaitcha gusheshe, inasanduka chizindikiro cha unyamata, ndipo kuizunguliza pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi lero ndi masewera ovomerezeka. Mnyamata woonera zimenezi akabwera kumudzi n'kuyamba kuyendetsa Probox kapena Sienta pakati pa Mangochi ndi Liwonde, khutu lake limakhala lidakali ku Joni. Amayamba ndi kudula ekizozi. Kenako amafunsa mtengo wa turbo.

Madrasa imene ndimaphunzitsa ili m'mbali mwa msewu, choncho nkhaniyi inandipeza kudzera m'makutu. Mwana akamawerenga, mphunzitsi amatchera khutu kuti amve ngati chilembo chatulukira pakhosi kapena pa lilime. Galimoto yodulidwa ekizozi ikamadutsa timaima, kuidikira ipite, n'kuyambiranso mzere womwewo. Koma chimene chinandinyamula kupita ku galaja ndi mayi wina wamasiye. Mwana wawo wamkulu ali ku Joni ndipo anagula Sienta kuti mng'ono wake azinyamulira anthu, pakhomo pasasowe ufa. Mng'onoyo, amene anadutsa m'manja mwanga ali wamng'ono, anali atadula kale ekizozi, ndipo tsopano ankabisa ndalama za turbo. "Mwalimu, mulankhule naye, inu amakumverani," anatero mayiwo. Ndinaona kuti si bwino kudzudzula chinthu ndisanachimvetse, motero ndinakakhala masiku angapo kwa makaniko wina wachikulire amene timaswali naye mzikiti umodzi.

Za ekizozi sizinatitengere nthawi. M'paipi muja muli sailensa yoziziritsa phokoso, komanso kabokosi kena kokhala ndi zitsulo zamtengo wapatali monga platinum, kamene kamachepetsa poizoni wa mu utsi. Pa injini yaing'ono, kuchotsa zimenezi kumawonjezera mphamvu yochepa kwambiri, ndipo paipi ikakula mopitirira, galimoto imatha kufooka ponyamuka. Khutu ndilo limanamiza phazi: woyendetsa akamva kubangula amaganiza kuti akuthamanga. Choopsa n'chakuti paipi yowotcherera mwachisawawa imadontha utsi pansi pa mipando, ndipo mu utsimo muli mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Umapweteketsa mutu, umagonetsa, umapha. Kumbuyo kuja n'kumene timakhazika amayi ndi makanda.

Turbo ndiyo inandigwira mtima. Injini imapeza mphamvu poyatsa mafuta ndi mpweya, ndipo gawo lalikulu la mphamvuyo limatayika ndi utsi wotentha. M'chaka cha 1905 injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa nzeru yotola chotayikacho. Utsi usanatuluke umazunguza kagudumu kokhala ndi timapiko. Kagudumuko kamazunguza kanzake mbali ina, ndipo kameneko kamakankhira mpweya wochuluka mu injini. Mpweya ukachuluka, mafuta oyaka amachulukanso, mphamvu n'kukwera. Timagudumu timeneti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Chondisangalatsa n'chakuti, popeza turbo imadya mphamvu ya utsi, imachepetsako phokoso la ekizozi. Mverani Hilux ya dizilo yobadwa ndi turbo ikamakwera phiri ndi katundu: mumamva kamluzu chabe.

Palinso china chimene anyamata sachiganizira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, injini yopanda turbo imapuma mobanika, choncho turbo imabwezeretsa chimene phiri lalanda. Nyanja yathu siifika ngakhale mamita 500. Mpweya tili nawo wokwanira. Chimene tili nacho chochuluka ndi kutentha, ndipo mpweya ukapanikizidwa umatenthanso kuwonjezera apo. Lingalirani za dzuwa la Okutobala ku Nkhotakota kapena ku Makanjira.

Apa makaniko uja anatsegula boneti n'kundionetsa injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE, imene ili m'ma Probox ndi ma Sienta ambiri. Injiniyi inapangidwa kuti izipanikiza yokha mpweya ndi petulo kwambiri, 10.5 kwa 1, n'cholinga chosunga mafuta. Mukaikankhira mpweya wina wotentha pamwamba pake, petulo amaphulika nthawi isanakwane, injini imagogoda, ndipo mapisitoni amang'aluka kapena kusungunuka. Kuti zimenezi zisachitike pamafunika choziziritsira mpweya, ma injekita aakulu, katswiri wokonzanso kompyuta ya injini, mapaipi atsopano a oyilo, ndi oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake. Ma Sienta ambiri ali ndi giyabokosi ya CVT yoyendera lamba wachitsulo, imene sinapangidwire mphamvu yowonjezera. Mabuleki ndi matayala amakhala omwe aja, pa msewu wodzaza ndi njinga za kabaza, mbuzi ndi ana ochokera kusukulu. Achikulirewo anawerengera pa zala n'kunena kuti wofunadi turbo angogula galimoto imene inabadwa nayo.

Sindikhulupirira kuti kukonda makina ndi kulakwa. Mwa ana amene ndaphunzitsa, amene ankamasula wailesi za abambo awo ndiwo lero amadzidalira. Munthu wokhala ndi ndalama zake, galimoto yake ndi bwalo lochitira mpikisano akhoza kuyesa zimene akufuna. Koma Sienta ija ndi amana. Inagulidwa ndi thukuta la munthu amene amagona m'kachipinda kothithikana kudziko la eni, ndipo injini yake ikafa, fizi ya alongo ake awiri yafera pomwepo. Ndinamuuza mnyamatayo zimenezi pamaso pa makaniko: "Mwanawe, uimbire foni akulu ako uwauze zonse, mtengo ndi ngozi yomwe. Akavomera, ine ndilibe mawu."

Foniyo sanaimbe. Anavomera kuti achikulire aja aione galimoto. Anapeza sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, mapulagi atatha, oyilo atada bii, ndi matayala awiri opanda mpweya wokwanira. Anakonza zonsezo ndi kubwezeretsa sailensa, pa mtengo wosafika ngakhale theka la ndalama zimene mnyamatayo anabisa. Zotsalazo mayi ake akufuna zipite ku malata a khitchini. Iye akuti ndi chiyambi cha Hilux, ndipo mpaka lero sanagwirizane.