Tikiti Yathu ya Pa Chiweru

Makolo athu anali kugula Pick-a-Lot ya Zambia State Lotteries Board, n'kudikira manambala. Ife a ku Kapata ndi Mchini manje timabetcha pa kashopu ku Down Shops, koma nkhawa ndi yomweyo. Ukapereka tikiti kuti akuonere, mtsikana wa pa kaunta n'kunena kuti "mwaluza, abwana," ndani wina waona sikirini? Ena a ife timamunyoza, chikhalirecho tinaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo ndalama ikashota madzulo amamudula pa malipiro. Manambala sapanga iye. Tingopempha kuti sikirini iziyang'ana kwa ogula, tikiti yoluza izibwerera kwa mwini wake. Yathu ya pa Chiweru tinaisiya pa kaunta pomwepo, ndipo mpaka lero ikutivuta mumtima.