NDEGE ZINALI ZIWIRI, ANATERO ANTHU A KU TWAPIA

Pakati pa usiku wa pa 17 September 1961, anthu a m'komboni ya Twapia ku Ndola, pamodzi ndi oocha makala m'thengo lapafupi, anaona zacilendo kumwamba. Ena anaona ndege yaikulu ikutsatidwa ndi ina yaing'ono, ena anaona moto ukung'anima. Yaikulu ija inagwa. Munali anthu 16, mmodzi mwa iwo Bambo Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, amene anali kudzakambirana ndi Moise Tshombe za nkhondo ya ku Katanga.

Cimene cimandivuta ine pa nkhaniyi ndico kusiyana kwa mau a akuluakulu. Usiku womwewo pa bwalo la ndege, kazembe wa Britain, Lord Alport, anati mwina mlendoyo wasintha maganizo napita kwina. Ndege za nkhondo za boma la Federation zinali pa bwalo pomwepo, koma sizinauluke kukafunafuna mpaka dzuwa litakwera. Boma linati zotsala za ndegeyo zinapezeka 3 koloko masana, patapita maola 15, pamene oocha makala anali atafikako kale m'mamawa.

Mu 1962 bungwe lofufuza la boma la Federation linagamula kuti oyendetsa ndege analakwa okha, anatsika kwambiri nagunda mitengo. Caka comweco bungwe la United Nations linati silinapeze cifukwa ceniceni, ndipo silinakane kuti mwina ndegeyo inacitidwa ciwembu. Ngozi imodzi, mayankho awiri.

Nanga amene anaona ndi maso? Bambo Timothy Kankasa, mlembi wa komboni ya Twapia, anacitira umboni kuti anaona ndege yaing'ono pamwamba pa yaikulu. Atsamunda anauyesa wosadalirika umboni wa anthu akuda, poganiza kuti anasokonezeka kapena anali kudana ndi boma. Ngakhale Harold Julien, mlonda wa ku America amene anapulumuka yekha namwalira m'cipatala patapita masiku ocepa, ananena za moto wothetheka m'mlengalenga. Nayenso anati anali kubwebweta. Inu a kumudzi mudziwa kuti munthu wogona m'thengo kulonda uvuni wa makala amadziwa bwino thambo la usiku kuposa wogona m'nyumba ya malata.

Panapita zaka zoposa 50 kuti mau ao amvedwe. Mu 2017 woweruza wa ku Tanzania, Mohamed Chande Othman, wotumidwa ndi United Nations, analemba kuti n'kutheka ndithu ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa. Mu 2024 anadandaulanso kuti maiko ena, makamaka Britain, America ndi South Africa, sanatulutse zonse zolembedwa ndi asilikari ndi akazitape ao.

Pamalo pangoziyo, pafupi ndi mseu wocoka ku Ndola kupita ku Kitwe, pali mwala wacikumbutso.