Fupa la nkhuku silinama

Anzanga m'gulu muno, mukafuna kudziwa ngati nkhuku imene mwaitanitsa pa lesitilanti ndi yachikuda yeniyeni, musavutike kufunsa woperekera chakudya. Ayankha kuti "ndi lokolo bwana" basi. Inu lumani fupa la ntchafu. Likaphwanyika mosavuta n'kutulutsa zakudazakuda m'kati, mwadya buloila pa mtengo wa lokolo. Likakana, mano n'kuchita ngati agweramo, ndiye kuti nkhukuyo inakhalako ndi moyo pa dziko lino.

Nkhani yonse yagona pa msinkhu. Buloila, kaya ndi mtundu wa Cobb kaya Ross, imaphedwa ili ndi masabata 5 kapena 6, itafika kale makilo awiri. Thupi ndi lalikulu, koma ndi mwanapiye ameneyo. Mafupa sanakhwime, nsonga ya fupa la pachidali imapindika ndi chala. Moyo wake wonse ndi kudya, kumwa, kugona, chakudya chili pakamwa pomwepo. Ena amati amazibaya mankhwala okulitsa, koma chimene chimaikulitsa msanga ndi mtundu wake, umene akatswiri akhala akuusankha kwa zaka zambiri, kuphatikiza chakudya cha chimanga ndi soya.

Tsono taganizirani thadzi la kumudzi. Kuti lifike pomati n'kudyeka, padutsa miyezi 6 kapena kuposa. Latuluka m'khola mbandakucha, lapalasa kudzala, lathamangitsa ziwala, latola chiswe ndi ngumbi, lajompha msipu kudimba, laba mphale pamphasa n'kugendedwa. Lathawa kabawi, lapulumuka chitopa chimene chimasesa makola nyengo yotentha. Minofu imene imagwira ntchito chonchi imada, n'chifukwa chake ntchafu ya lokolo ndi yoderako pomwe ya buloila ndi yotuwa. Mitsempha nayo imalimba nkhuku ikamakula. Mafuta achikasu aja amachokera ku zobiriwira zimene inkajompha. Zonsezi ndi zimene lilime lanu limamva.

Ndipo nkhuku ziwirizi sizifuna mphika umodzi. Buloila mphindi 30 yapsa, mukapitiriza isanduka zilezi. Yogula m'sitolo youmitsidwa m'firiji ija ndiye imayamba yakhetsa madzi m'poto, inu n'kumadabwa kuti kilo munalipira ija yalowa kuti. Imafuna kuithandiza: adyo, jinja, kale, tsabola, apo ayi ingomveka mchere. Lokolo ndi ya pamoto wa nkhuni kapena pambaula, ola limodzi ndi theka mwinanso awiri, madzi kuthira pang'onopang'ono mpaka mitsempha ija itasungunukira mu msuzi. Mchere, anyezi, tomato m'modzi, zatha. Ena tomatoyo safuna n'komwe, amangoisiya iphwe madzi n'kudzikazinga yokha m'mafuta ake, kwasukwasu. Fungo lake limafika kwa aneba nsima isanathyakulidwe. Ine ndimati ndiwo yeniyeni pa lokolo ndi msuzi, nyamayo ndi yoperekeza. Mutha kumaliza mitanda itatu mukungosunsa, nthuli ili phee m'mbale.

Buloila sindikuinyoza ayi. Ndi imene yachititsa kuti mwana wa m'tauni adye nkhuku pakati pa sabata, osadikira Khirisimasi kapena mlendo. Ndi imene ikulipirira ana fizi m'makomo ambiri ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi, kumene amayi aweta nkhuku 100 kuseri kwa nyumba. Pa ukwati wa anthu 500 simungaphike lokolo, makala angathe akwati asanabwere kuchokera kojambulitsa.

Chimene chimandikhumudwitsa ndi chinyengo. Popeza lokolo yakwera mtengo, ena akumagulitsa nkhuku za mazira zimene zatopa kuikira, zokhala chaka ndi theka m'khola, n'kumati ndi zachikuda. Pamenepa ngakhale fupa lija silikuthandizani, chifukwa nalonso ndi lolimba. Nyama yake ndi yolimba ndithu, koma msuzi wake ndi wosalankhula. Mukamagula yamoyo yang'anani mlomo: za mazira zambiri zimakhala zodulidwa kunsonga, ndipo zonse ndi za nthenga zofiirira zofanana ngati yunifolomu. Zachikuda m'dengu limodzi mupezamo yamawanga, yakuda, yopanda nthenga m'khosi, iliyonse ndi maonekedwe ake. Zakuda zikuluzikulu zija timati Mikolongwe ndi mtundu wa Black Australorp, ndipo dzinalo linachokera ku malo oswetsera ziweto a Mikolongwe ku Chiradzulu. Ikakulira pabwalo ikudzipalasira, ine ndimaiwerengera kumbali ya lokolo.

China ndi ana athu. Ambiri okulira m'tauni ukawapatsa ntchafu ya tambala amaluma kamodzi n'kuti "yolimba", kenako akufuna tchipisi. Sadziwa kuti nthutumba inali ya mlendo kapena bambo, kuti ana tinkalimbirana zipalapasiro ndi khosi, kuti mlendo ankayamba waonetsedwa nkhuku yamoyo isanaphedwe kuti adziwe kuti walandiridwa. Koma tsiku la chinkhoswe chawo, ankhoswe adzafuna tambala ndi msoti zamoyo zoti mbali ziwiri zipatsane, ndipo wina adzayenera kukwera minibasi kukazisaka kumudzi, poti ya m'pulasitiki ija palibe nkhoswe angailandire.